Musanagwetse Khoma: Kukonza ndi Kuwonjezera Nyumba Yakale pa Sitandi Yopapatiza Kuno ku Joni

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimbira foni ndi funso limodzimodzi: "Achimwene, ndagula kanyumba ku Turffontein, ndikufuna kuwonjezera zipinda ziwiri kuseri. Njerwa zingati?" Ndikayankha kuti za njerwa tikamba pomaliza, munthu amangoti zii, ngati ndikumumana nzeru. Ndatopa kufotokoza ndili pamwamba pa sikafodi, foni ili paphewa, ndiye ndalemba kamodzi. Wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Ine ndine womanga, ndipo ntchito zanga zambiri zakhala m'nyumba zakale za ku Rosettenville, La Rochelle, Bez Valley, Malvern, Mayfair ndi Brixton. Nyumba zimenezi zili ngati ana a mimba imodzi: khonde kutsogolo, denga la malata, siling'i yachitsulo yamaluwamaluwa, pansi pa matabwa a Oregon pine, kakhitchini kumbuyo, ndi kanyumba ka antchito kumapeto kwa yadi. Chomwe kwathu timati poloti kuno amati sitandi. Sitandi yathunthu ya m'madera akalewa imakhala masikweya mita 495: m'lifupi pafupifupi mamita 16, m'litali kupitirira pang'ono 31. Zambiri zidadulidwa pakati, n'kutsala 248, m'lifupi osakwana mamita 8, nyumba ziwiri zogwirana khoma limodzi zomwe amati semi. Pamalo otere palibe pokhotera. Mukalakwitsa theka la mita, mwalowa kwa aneba.

1. Sonkhanitsani mapepala anayi musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti

Loyamba ndi title deed, chikalata chosonyeza mwini wa sitandi. Ngati mudagula ndi ngongole ya kubanki, lenilenilo lili kubankiko, koma kope mungaipeze kwa loya amene adasintha dzina kapena ku Deeds Office. Werengani lonse ngakhale chilankhulo chake n'chotopetsa. M'menemo mumakhala zoletsa zomwe adaika pamene deralo linkadulidwa: mwina nyumba imodzi yokha pasitandi, mwina kamzere ka mamita awiri m'mbali mwa malire koti masipala adutsitsepo mapaipi. Kamzere koteroko amati servitude. Malowo ndi anu, koma simungamangepo mmene mwafunira.

Lachiwiri ndi SG diagram, mapu a sitandi yanu ochokera kwa Surveyor-General, osonyeza malire enieni. Lachitatu ndi zoning certificate ya kumasipala wa Johannesburg. Imeneyi imanena, potsata Land Use Scheme ya 2018, gawo la sitandi lomwe mungaphimbe ndi denga, kutalika komwe mungakwere, ndi building line, kutanthauza mtunda woyenera kusiya kuchokera kumalire. Lachinayi ndi mapulani akale ovomerezeka, omwe amasungidwa ku Building Control.

Mukapeza mapulaniwo yendani nawo m'nyumba. Kawirikawiri mudzapeza kuti khonde lidatsekedwa, galaja idasanduka chipinda, kuseri kuli bafa lomwe papepala palibe. Mlandu wa mwini wakale tsopano ndi wanu, ndipo zonsezo ziyenera kujambulidwa n'kuvomerezedwa pamodzi ndi zatsopanozo.

Kwa inu amene mukuchita lendi, mawu amodzi okha: chomwe mwamanga pasitandi ya landilodi ndi cha landilodi, ngakhale adakulonjezani zotani pakamwa.

2. Werengani zaka za nyumbayo

Apa ndi pomwe abale athu ambiri amadyera phula. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, gawo 34, limati nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 simungaisinthe kapena kuigwetsa, ngakhale mbali yake chabe, popanda chilolezo cha ofesi yoona zakale m'chigawo chanu. Kuno ku Gauteng ofesiyo ndi PHRA-G. Anthu akamva zoti heritage amaganiza za nyumba ya a Mandela ku Vilakazi Street kapena Constitution Hill. Ayi ndithu. Lamuloli silifunsa ngati nyumba ndi yokongola kapena ngati mudagonapo munthu wotchuka. Limangowerenga zaka. Semi yanu ya m'ma 1930 yomwe ikudontha ilimo, ngakhale yomangidwa kumayambiriro kwa ma 1960 yalowa kale. Masipala nawonso sadinda pulani yanu chilolezochi musanaonetse.

Amafuna zithunzi za nyumba mbali zonse ndi za msewu wake, kope ya title deed, mapulani akale ndi atsopano, ndi kalata yofotokoza chomwe mukufuna kuchita ndi chifukwa chake. Mmene ndaonera ine, chomwe amachitetezera kwambiri ndi nkhope ya nyumba yoyang'ana kumsewu: khonde, kapendekedwe ka denga, mawindo. Zowonjezera zakuseri zosaonekera kumsewu sizivuta kwenikweni. Komiti yawo imakhala pansi pa nthawi yake, ndiye yambani msanga, ndipo musalembe anyamata ntchito mukadali kudikira.

Siling'i yachitsulo ija ndi matabwa a Oregon musazitaye mu sikipi. Pali ogula zinthu zakale amene amazifuna, ndipo mukadzafuna kugula chidutswa chimodzi choti mukonzere pobooka mudzadziwa mtengo wake.

3. Chiritsani nyumba yakaleyo kaye

Yambani ndi denga. Kwerani m'siling'i masana dzuwa likuswa mtengo, zimitsani tochi, muone pomwe kuwala kukulowa. Kenako bayani mitanda ndi sikuludalaiva. Ikalowa ngati m'mbatata yophika, mtandawo watha.

Chachiwiri ndi chinyontho. Chizindikiro chake ndi penti yotukumuka ndi timchere toyera m'munsi mwa khoma, kufika cha m'mawondo. Musanaitane anthu obaya mankhwala m'khoma, tulukani panja muone ngati simenti ya pabwalo siidakwere kufanana ndi pansi pa m'nyumba, ndipo muone tinjerwa tamabowo tomwe tili m'munsi mwa khoma, ma air brick. Pansi pa matabwa aja pali mphako, ndipo tinjerwa timeneti ndi mphuno zake. Ku Bez Valley ndidakonzapo nyumba ya bambo wina amene adatimata tonse ndi simenti chifukwa cha chisanu cha mu Juni ndi makoswe. Patapita mvula zingapo, usiku wina mwendo wa bedi udangobira pansi. Titazula matabwa, mitanda yapansi inkanyenyeka m'manja ngati chigumu, fungo la nkhungu lili guu chipinda chonse.

Cholakwa china, chomwe inenso ndidachichitapo ndili watsopano kuno: kumata pulasitala wa simenti yambiri pakhoma lakale. Njerwa zakalezi n'zofewa, ndipo zambiri adamangira laimu kapena dothi. Pulasitala wolimba amatsekera chinyontho mkati, chimakwera m'mwamba, kenako pulasitalayo amasupuka atanyamula nkhope ya njerwa. Sakanizani wofewa, wothira laimu.

Mawaya akale okutidwa ndi nsalu kapena labala achotseni onse, musalumikizepo atsopano. Mapaipi amadzi achitsulo amakhala atadzaza dzimbiri mkati, n'chifukwa chake shawa imangodontheza. Ndipo mukaona malata otuwa okhuthala, magata kapena mabolodi ooneka ngati simenti, aganizireni kuti ndi asbestos. South Africa idaletsa asbestos mu 2008, koma m'nyumba zakale adakalimo. Osamudula ndi girayinda, osamuswa ndi hamala. Fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri, ndipo pali makontilakitala olembetsedwa amene ntchito yawo ndi kumuchotsa.

4. Pezani paipi ya suweji, pezani malire, kenako kagogodeni kwa aneba

Pasitandi yopapatiza, malo okhawo omwe mungawonjezere ndi kuseri, ndipo kuseri n'komwe kumadutsa paipi ya kuchimbudzi. Madera ena adakali ndi tinjira takumbuyo tomwe kale ankadutsamo otola ndowa za chimbudzi usiku, ndipo m'malo ambiri paipi yaikulu ya masipala ili cha komweko kapena m'malire a kumbuyo. Tsegulani zivundikiro zonse za pabwalo, wina atsitse madzi kuchimbudzi, inu muone komwe akulowera. Pulambala wa kamera angakuonetseni mkati mwake. Mapaipi akale ndi adothi lowotcha, ndipo mizu ya jakaranda imawakonda kwabasi.

Paipi ya nyumba yanu mungaisunthe, kapena kumangapo pamwamba itatetezedwa, yowongoka, yokhala ndi potsegulira mbali zonse ziwiri kunja kwa chipinda. Ya masipala simuikhudza popanda chilolezo cha Johannesburg Water. M'semi zambiri paipi ndi imodzi ya nyumba ziwiri. Mlamu wanga wina adathira silabu pamwamba pa chivundikiro, n'kuikapo matailosi okongola. Tsiku lomwe idatsekeka, zonyansa za mabanja awiri zidatulukira m'bafa mwake, ndipo tidaswa matailosiwo pa Sabata m'mawa ena akupita kutchalitchi.

Mpanda womwe ulipo musaukhulupirire kuti ndiwo malire. Ngati mukumanga mofika m'mphepete, lipirani land surveyor, woyeza malo, akupezereni zikhomo za malire.

Mukatero pitani kwa aneba, pulani ili m'manja, musanabweretse lole ya mchenga. Mukafuna kumanga kupyola building line, masipala adzafuna maganizo awo, ndiye mudzawasowa ndithu. Ngakhale ndi agogo achipwitikizi a ku La Rochelle amene sayankha moni, khalani nawo pansi. Pemphani kujambula zithunzi za khoma la mbali yawo, ming'alu yonse yomwe ilipo kale, tsiku lilembedwe. Mng'alu uliwonse womwe adzauone mukayamba kukumba udzakhala wanu, pokhapokha chithunzi chikakuikirani umboni.

5. Jambulitsani pulani kwa munthu wolembetsedwa

Wojambula akhale wolembetsedwa ku SACAP, injiniya ku ECSA, mabungwe olembetsa ojambula mapulani ndi mainjiniya kuno. Funsani nambala zawo, si mwano. Lamulo la zomangamanga la 1977 limapatsa masipala masiku 30 oti ayankhe pulani ya nyumba yosakwana masikweya mita 500, koma pulani ikabwezedwa kuti mukonze zina, nthawi imatalika. Ikavomerezedwa muli ndi miyezi 12 yoti muyambe kumanga.

Vuto la nyumba yopapatiza ndi mdima. Khoma la pamalire simuikapo windo, ndipo mukalumikiza chipinda chatsopano kumbuyo, chipinda chapakati chimataya windo lake lokhalo. Malamulo a kamangidwe a SANS 10400 amati chipinda chokhalamo anthu chisachepere masikweya mita 6, siling'i ikhale mamita 2.4, windo likhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi, ndipo theka la gawolo lizitseguka. Njira yomwe ine ndimaikonda ndi kusiya kabwalo kakang'ono pakati pa nyumba yakale ndi yatsopano, n'kulumikiza ziwirizi ndi kakhonde kambali imodzi. Eni nyumba amalira kuti ndawadyera malo, koma m'kabwalomo ndi momwe mumalowa kuwala ndi mphepo ya zipinda ziwiri, ndi momwenso amayi amayanika zovala. Dzuwa la kuno limadzera kumpoto, ndiye windo lalikulu loyang'ana kumeneko lidzakufunditsani mu Julayi. Wojambula adzakuuzaninso za zofunditsa m'siling'i, ndi zoti theka la madzi otentha lichokere ku sola, gasi kapena heat pump, osati giza ya magetsi yokha.

Ndikudziwa kuti ambiri mukufuna zipinda za alendi. Pasitandi yomwe zoning certificate yake imati Residential 1, kutanthauza ya nyumba yokhalamo wamba, amalola tinyumba towonjezera mpaka tiwiri, ndi malire a kukula kwake. Koma kudula nyumba ndi mabolodi kukhala tizipinda khumi, khomo lotulukira limodzi, mawindo onse a mabagilabazi, ine sindigwira ntchito imeneyo. Moto wa pa 31 Ogasiti 2023 kunyumba ya Usindiso ku Marshalltown udapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo mkati mwake mudali modulidwadulidwa chomwecho.

6. Pokumana chakale ndi chatsopano

Apa ndi pomwe pamagona ntchito yonse, ndipo ndi pomwe ambiri olangiza amangodumphapo.

Yambani ndi kukumba maenje awiri kapena atatu m'mphepete mwa khoma lakale kuti injiniya aone maziko. Musadabwe kupeza mizere ingapo ya miyala kapena njerwa, yosazama, yopanda konkire n'komwe. Nyumbayo yaima zaka 90 pamaziko amenewo chifukwa palibe adaisokoneza. Amene mukulota zokwera m'mwamba, yankho lanu lili m'dzenje limeneli, osati m'thumba mwanu. Nthawi zina injiniya amalola chipinda chapamwamba chopepuka, cha matabwa kapena zitsulo, nthawi zina amakana.

Tsopano ngalande ya maziko atsopano. Ikadutsa m'mphepete mwa khoma lakale, lanu kapena la aneba, n'kuzama kupitirira pansi pa maziko ake, dothi lomwe lanyamula khomalo limatsala lopanda chotsamira. Anyamata akakumba mzere wonse Lachisanu n'kuweruka, Loweruka masana kugwa chimvula cha kuno chija, Lolemba mupeza khoma litakhala pansi. Kumbani pang'onopang'ono: mita imodzi, thirani konkire, dumphani, kumbani ina patsogolo, mubwerere podumphapo konkire woyamba atagwira. N'zochedwa, ndipo kontilakitala wa changu adzakuuzani kuti n'kutaya nthawi. Lamulo la dziko lino limati malo a mnzako usawachotsere chowachirikiza, ndipo khoma la aneba likagwa wolipira ndinu. Musathire konkire inspector wa masipala asanaone ngalandezo, ndipo musakwirire mapaipi a suweji asanawaone.

Khoma la pakati pa semi ndi la anthu awiri. Osaligoba mozama poika mapaipi, osalisenzetsa bimu popanda injiniya ndi chilolezo cholembedwa cha aneba. Chenjerani ndi chumuni. M'semi zambiri malo osonkhapo moto adamangidwa motsamirana misana, chumuni chake chimodzi. Munthu amagwetsa mbali yake m'chipinda kuti apeze malo a wadiropu, osadziwa kuti mulu wa njerwa watsala lende m'siling'i, pamwamba pa bedi la ana.

Polumikiza makoma, womanga wa kwathu amakonda kugoba mano m'khoma lakale n'kulowetsamo njerwa zatsopano, ati kuti zigwirane. Koma nyumba yakale idakhazikika kalekale, pamene yatsopano idzatsikabe pang'ono m'zaka zoyamba. Mukazimanga pamodzi zidzalekana zokha, ndi mng'alu wokhotakhota. Siyani mpata wa mamilimita 10 kuchokera pansi mpaka pamwamba, muikemo bolodi lofewa, makoma agwirane ndi tizitsulo tolola kusuntha, kunja mutseke ndi sealant. Pulasitala nayenso adulidwe pamzere womwewo. Mng'alu wowongoka womwe mwaupanga nokha sudontha.

Kenako mphuno zija. Silabu yatsopano imatseka ma air brick a khoma lakumbuyo, mphepo n'kuleka kudutsa pansi pa matabwa. Musanathire silabu, yalani mapaipi kuchokera pa air brick iliyonse, adutse pansi pa silabuyo mpaka kukatulukira kunja kwa khoma latsopano. Mtengo wake ndi wa mapaipi ochepa chabe, koma mukaiwala, nkhani ya mwendo wa bedi ija idzakhala yanu. Pansi pa silabu yalani pulasitiki, pakhoma ikani DPC, pulasitiki yotchinga chinyontho, pamtunda wa mamilimita 150 kuchokera padothi la panja.

Pobowola khoma lakumbuyo kuti khitchini ikule, chirikizani kaye ndi mapulopu achitsulo, ikani lintala kapena bimu yomwe injiniya wanena, igwire, kenako muchotse njerwa zapansi pake. Osayambira pansi.

Chomaliza ndi denga. Pokumana madenga awiri, kapena denga ndi khoma la pamalire, pamakhala gata wobisika yemwe amati box gutter. Ndiye amadontha m'nyumba zambiri zomwe ndimaitanidwako. Matalala a ku Johannesburg amadzaza gata wopapatiza m'kanthawi kochepa, madzi n'kubwerera m'siling'i. Mupangeni wotakata woti phazi lanu liloweremo, wotsetsereka bwino, wokhala ndi pothawira madzi akasefukira. Lata lotchinga polumikizira lilowe m'khoma mogobamo, osangomata phula. Madzi amvulawo apite kumsewu. Kuwathira kwa aneba ndi mlandu, kuwalowetsa mu suweji n'koletsedwa.

7. Yambirani kumbuyo, ndipo yang'anani kalendala

Chilichonse, mchenga, miyala, njerwa, zigumukire, chidzadutsa m'kanjira kam'mbali pa wilibala. Kayezeni kanjirako lero. Ngati kulibe, zonse zidutsa m'nyumba, ndiye phimbani matabwa apansi ndi mabolodi. Tulutsani zogumula kaye, mangani chakumapeto kwenikweni kwa yadi, muzibwera chakumsewu. Ndidaonapo munthu atatseka kanjira ndi bafa latsopano, kenako n'kumadutsitsa matumba a simenti pabalaza pamutu.

Gulani katundu pang'onopang'ono, poti posunga palibe, ndipo wosiyidwa panja usiku amamera miyendo. Kuunjika mchenga m'njira ya anthu oyenda pansi kumafuna chilolezo. Maziko ndi denga zichitike nthawi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma konkire wa mu Juni ndi Julayi muthireni dzuwa litakwera n'kumufunditsa usiku chifukwa cha chisanu. Pakati pa Disembala makampani a zomanga amatseka mpaka Januwale, anyamata anu nawonso ali pa basi ya ku Mangochi ndi ku Mzimba. Musasasule denga mu Novembala.

Lipirani womanga ntchito ikafika pomwe mudagwirizana: maziko, pawindo, denga, pulasitala. Ngakhale ndi mwana wa amalume anu, lembani. Ndipo pa R100 iliyonse ya bajeti ine ndimati bisani R20, chifukwa nyumba yakale siulula zonse tsiku limodzi. Auzeninso a banki ndi a inshuwalansi musanayambe.

8. Tsekani ndi mapepala

Wamagetsi wolembetsedwa akupatseni CoC, satifiketi yoti ntchito yake yatsata malamulo, pulambala ndi wa gasi chimodzimodzi, injiniya asaine kuti ntchito yake yatha. Zonsezi mupite nazo kumasipala kuti mulandire occupancy certificate, kalata yokulolani kukhalamo. Popanda imeneyi, tsiku logulitsa nyumba kapena lopempha inshuwalansi kuti ilipire mudzavutika.

Tsopano njerwa zanu zija. Za saizi wamba, zomwe kuno amati stock brick, zimalowa pafupifupi 55 pa sikweya mita imodzi ya khoma la mzere umodzi, ndi 110 pa khoma la mizere iwiri, lomwe ndi lakunja. Yezani pa pulani yodindidwa, chotsani zitseko ndi mawindo, onjezani pang'ono za zosweka. Zakale zomwe mwagumula musataye: zipaleni, muzisunge pakona, mudzazifuna pokonza khoma lakutsogolo, poti zatsopano sizifanana nazo mtundu.